Bokosi la a Sebastiano Limene Linkagona Lamulungu

A Sebastiano ndi alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga a Fanizo. Anabadwira ku Marka, koma makolo awo anachokera kutsidya kwa malire, ndipo banja lonse linasamukira kuno kwa Kasisi iwo ali mnyamata. Mpaka lero akakhumudwa kapena akasangalala kwambiri, Chimang'anja chimawathawa n'kuyamba Chisena, koma sizichitika kawirikawiri. Ndi munthu wamtali, woonda, woyenda choweramira ngati wataya singano m'njira. M'thumba la shati yawo simusowa korona ndi kasikuludiraiva kachigwiriro chofiira.

Sukulu analekezera Sitandade 8. Chaka cha riferendamu analembedwa ntchito ku esiteti ya nzimbe, poyamba yosesa m'nyumba ya mapampu okoka madzi mu Shire. Ankasesa maso ali pa manja a amisiri. Patapita nthawi anawapatsa mapampuwo kuti aziwayang'anira, ndipo anakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu. Akazi awo a Clotilda amati masiku amenewo bambowa ankatha kuima pakati pa chakudya, khutu lili kumtsinje, n'kunena kuti pampu yachitatu ikulira molakwika.

Amuna anga atamwalira, achibale ena anayamba kunong'onezana za mwambo wakale wolowa m'nyumba ya wamasiye, ndipo woyenera anali a Sebastiano. Iwo anaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti ine tsopano ndine mlongo wawo, nkhani ithere pomwepo. Sabata yotsatira anabwera ndi makwerero kudzakonza denga langa limene linkadontha. Sindinawathokozepo mokwanira pa zimenezo, ndipo iwo sanazitchulenso.

Atapuma ntchito anabwerera kumudzi n'kumakonza mawailesi, matochi ndi nyale za sola pansi pa mtengo wa masau pakhomo pawo. Mwana wawo Triza, amene anaphunzira zamagetsi ku Blantyre ndipo amagwira ntchito komweko, anaona kuti bambo ake akusungulumwa. Pa Khrisimasi anawabweretsera laputopu yake yakale ndi kabolodi kotalika ngati chala, kokhala ndi timiyendo ta chitsulo khumi ndi tisanu mbali iliyonse. Triza amati timiyendoto ndi mapini, koma bambo ake anapitiriza kuti miyendo. Pakati pa kabolodiko pali kachitsulo kowala kamene kamasunga malangizo. Munthu amalemba malangizowo pa laputopu, kuti mwendo wakuti uyatse babu, mwendo wakuti umvetsere swichi, ndipo kabolodi kamachita zomwezo usana ndi usiku osatopa. A Sebastiano anakatcha Kapitawo.

Ine ndinkapita kwawo masana kukathandiza a Clotilda kusenda chinangwa, ndipo popeza sindiyankhula kwambiri, alamu ankandifotokozera ine zimene akazi awo anatopa nazo kale. Ndi chifukwa chake ndikudziwako pang'ono.

Ntchito yawo yoyamba inali yoyatsa kababu kamodzi. Pa laputopu analemba kuti mwendo 5 uyake, ndipo waya anaumangirira pa mwendo umene pa bolodi palembedwa D5. Kababu sikanayake. Anasintha babu, anasintha waya, anapukuta magalasi awo a maso. Masiku atatu anatha choncho, osafuna kufunsa mwana. Tsiku lachinayi a Clotilda ndiwo anaimba foni n'kuwapatsira m'manja. Triza anawauza kuti mwendo uliwonse uli ndi mayina awiri, lina lolembedwa ndi penti pa bolodi kuti anthu aziwerenga, lina limene kachitsulo kapakati kamaudziwira. Ukalemba 5, woyankha ndi mwendo wa D1. Wa D5 uja, kwa kachitsuloko ndi 14.

Alamu sanakwiye. Anati zimenezo n'zomveka, chifukwa iwonso m'kaundula wa ku parishi ndi Sebastiano, koma amayi awo anamwalira asanawaitanepo dzina limenelo. Anatenga kalendala yakale n'kulemba kumbuyo kwake mizere iwiri, mayina a penti kumanzere, manambala a m'kati kumanja, ndipo anaikhomera pa mtengo wa masau. Atafika pa D3 anapeza kuti nambala yake ya m'kati ndi ziro. Anaseka n'kunena kuti umenewo ndiwo mwendo wa lova, wopanda ntchito, ndipo adzaupezera kantchito kopepuka.

Chakumapeto kwa chaka chotsatira chitopa chinasesa nkhuku m'mudzi mwathu. Kwanga kunatsala thadzi limodzi, kwa ena kunalibe ngakhale nthenga. Ife amayi a pa tchalitchi tinkatha kupempha mazira kwa abale a midzi ina, koma nkhuku zofungatira zinali zosowa. Apa ndi pamene a Sebastiano anabwera ku msonkhano wathu, chipewa m'manja, n'kunena kuti atha kupanga bokosi loswera mazira, Kapitawo n'kumaliyang'anira. Chimene ankasowa ndi batire lalikulu, ndipo m'mudzi monse batire lotere linali limodzi, la sola ya tchalitchi.

A Gideon, amene amatsogolera kwaya komanso ali m'komiti, anavomera monyinyirika. Anati Lamulungu lililonse batire lizipita m'tchalitchi kukaimbitsa kiyibodi ndi zokuzira mawu, mapemphero akatha lizibwerera. Alamu anati palibe vuto, ngakhale nkhuku imachoka pa mazira kukadya. A komiti anawapatsa kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kosungiramo matsache ndi mabenchi othyoka, kamene kiyi wake ndimasunga ine chifukwa ndine wosesa.

Bokosilo analipanga ndi kabati yakale. M'makoma mwake anatsenderamo thonje la m'munda mwawo. M'kati anaikamo mababu awiri a galimoto opereka kutentha, kafani, mbale ya madzi, ndi mota wa waipa ya galimoto wopendeketsa thireyi kuti mazira azitembenuka. Pamwamba panali kagalasi kosonyeza nambala, ndipo anatiuza kuti nambalayo izikhala 37 ndi theka. Pa chitseko anaikapo kaswichi, koti chitseko chikatsekedwa chizikakanikiza, chikatsegulidwa mota aime kuti asapane dzanja la munthu. Kantchito kopepuka kaja kanapezeka. Waya wa kaswichiko anaumangirira ku D3. Pomaliza anatenga choko n'kulemba pa chitseko ndi zilembo zazikulu: OSATSEGULA. Anatiuza kuti aliyense wotsegula akutulutsa moyo wa anapiye, ndipo wotsegula akhale iwo okha.

Mazira oyamba tinaika mu Meyi. Lamulungu loyamba alamu analumikiza okha batire mapemphero atatha, ndipo zonse zinayenda. Lamulungu lachiwiri anali chigonere ndi malungo. Akwaya anabweza batire, anapanira mawaya, anatseka chipinda n'kumapita. A Sebastiano atadzikoka Lachiwiri m'mawa anapeza kagalasi kali bii, mazira ali zii ngati miyala ya mumtsinje. Anachotsa waya n'kuubwezera, ndipo bokosi linadzuka ngati palibe chachitika. Koma mazira onse anasukusa. Tinakawakwirira kuseri kwa chimbudzi titagwira mphuno.

Alamu anati vuto linali zopanira za batire, zinali zakale, ndipo anapeza zatsopano. A Gideon anati komiti ilola kamodzi kokha. Mazira akasukusanso, batire lisiye kuvutika ndipo chipinda chibwerere kwa matsache. Chovuta kwambiri chinali kupemphanso mazira kwa amayi. Amene anawakopa anzake ndi a Evelesi, msuweni wawo wa a Sebastiano, mayi wamfupi wa mawu akuthwa amene amagulitsa mphalabungu ndi nsomba zouma pa msika. Awiriwa akhala akunyozana chisuweni kuyambira ali ana. A Evelesi anauza msonkhano kuti msuweni wawoyo ndi wamakani ngati bulu, koma sananamepo, ndipo anayamba iwo kuika mazira anayi patebulo. Tinasonkha amayi khumi ndi awiri, anayi anayi. Ena anayenda mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza kukapempha. Tinawaika Lachinayi, mu Juni, nthawi imene ngakhale kuno kuchigwa m'mawa kumazizira.

Lamulungu loyamba alamu analumikiza okha, bokosi linadzuka, ndipo anayenda m'mudzi mutu uli m'mwamba pang'ono. Loweruka lotsatira kunagwa maliro a mnzawo wa ku esiteti, mudzi wa kutali ndithu, ndipo sakanatha kujomba. Anaitana a Evelesi n'kuwaonetsa katatu konse, chofiira apa, chakuda apa. A Evelesi anawafunsa ngati akuganiza kuti munthu wosiyanitsa chambo ndi mlamba angalephere kusiyanitsa chofiira ndi chakuda.

Mapemphero anatha cha m'ma 11 koloko. A Evelesi analumikiza, a Gideon akuonerera, ndipo anthu anathamangira ku msonkhano wa mphakati. Ine ndinabwera cha m'ma 2 koloko kudzatenga tsache. M'chipindamo munali chete, kafani sikamalira, kagalasi kanali kakuda. Ndinaima pamaso pa chitseko cholembedwa OSATSEGULA, ndipo sindinatsegule. Ndinafunditsa bokosilo chitenje changa pamwamba pa bulangeti limene linalipo kale, n'kukaitana a Evelesi. Iwo anachotsa mawaya n'kubwezera kanayi, osaphula kanthu. Tinaimbira foni alamu.

Anafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze, njinga anangoigwetsa pakhomo. Amayi ambiri anali atasonkhana, pamodzi ndi a Gideon ndi akwaya angapo. Alamu sanapereke moni kwa aliyense. Anatsegula chitseko, anagwira dzira limodzi n'kuliika patsaya, anachotsa waya wofiira n'kuubwezera. Kafani kanayamba kulira, kagalasi kanayaka. Nambala inali 29.

Wina wa kwaya anati bokosili ndi lachikatolika chenicheni, siligwira ntchito Lamulungu. Wina anati ayi, limangodziwa mwini wake ngati galu. Anthu anaseka, koma alamu sanaseke. Anatembenukira kwa a Evelesi n'kunena pamaso pa onse kuti anawaonetsa katatu, ndipo chinthu chapafupi chotere sichinayenera kulephereka.

A Evelesi anasendera pafupi ndi batire. Chisuweni chinatha pamenepo.

"Imani pomwepo, asuweni," anatero. "Tsekani chitsekocho, muone ndi maso anu."

Alamu anatseka. A Evelesi anachotsa waya wofiira, anawerenga mpaka zisanu, anaubwezera pomwe unali. Bokosi linakhala chete. Anawafunsa ngati alakwitsa, ndipo alamu anayang'anitsitsa n'kuvomera kuti mawaya ali m'malo mwake. Kenaka alamu anawakankha pang'ono, anatsegula chitseko, anasuzumira m'kati, anachotsa waya n'kubwezera. Bokosi linadzuka. Akwaya anaombera m'manja.

"Chitaninso," anatero a Evelesi, "koma muchite monga tichitira ife. Inu mumayamba mwatsegula kukapereka moni kwa ana anuwo. Ife munatilembera chiyani apa? Werengani, paja munafika Sitandade 8."

A Sebastiano anayang'ana zilembo zawo za choko nthawi yaitali. Anatseka chitseko pang'onopang'ono, anachotsa waya, anaubwezera. Bokosi silinadzuke. Anayesanso chitseko chili chotsegula, linadzuka. Palibe amene anaseka tsopano. Analisiya likulira, anatseka, n'kutulutsa foni.

Triza anayankha, ndipo anamuika pokweza kuti tonse timve. Bambo ake anafotokoza mwadongosolo ngati akupereka lipoti kwa injiniya. Iye anangofunsa funso limodzi, kuti waya wa chitseko uli pa pini iti. Atamva kuti D3, tinamva akudziletsa kuseka.

"Ababa, imeneyo ili ndi ntchito ziwiri. Kabolodi kakamadzuka, kamayamba kayang'ana pini imeneyo. Kakaipeza yolumikizidwa ku waya wakuda, kamaganiza kuti mukufuna kukapatsa malangizo atsopano, ndiye kamangokhala phee kudikira laputopu. Kaswichi kanu ka chitseko kakuchita zimenezo."

"Koma ndi ziro," anatero bambo ake. "Wopanda ntchito."

"Ziro ndi dzina chabe, ababa. Ndiye mlonda wa pageti ameneyo."

Anafotokozanso kuti kabolodi kakadzuka kale, mwendowo umamasuka n'kumagwira ntchito iliyonse imene waupatsa, ndiye chifukwa chake m'kati mwa sabata zonse zinkayenda. Anati D4 ndi D8 nayonso ili ndi ntchito zobisika za podzuka, ndipo D4 ndi umenenso umayatsa kanyale kabuluu ka pa bolodi. Anawalangiza kusamutsira wayawo ku D6, ndipo pa laputopu alembe 12. Ntchito ya mphindi khumi, anatero.

Alamu anakana. Anati ku esiteti palibe amene ankamasula pampu madzi akuyenda, ndipo mazirawa avutika mokwanira lero. Waya adzasamutsa anapiye akatuluka, ngati atuluke. Atadula foni anatembenukira kwa a Evelesi n'kuyankhula m'Chisena, motsitsa mawu, kuti wolakwa ndi iwo, ndipo mazira a mu Meyi aja sanaphedwe ndi zopanira kapena akwaya. Ananyowetsa chala n'kufufuta choko chija. M'malo mwake analemba zilembo zing'onozing'ono: Tsegulani. Lumikizani. Dikirani nambala. Tsekani. Chokocho anapatsa a Evelesi.

"N'chiyani ichi, ndidye?" anafunsa iwo.

"Mukonze ngati ndalakwitsanso."

A Evelesi anawerenga mokweza, anati zilembo n'zokhotakhota koma zikumveka, ndipo anaika chokocho m'chitenje.

Funso limene linatsala linali loti mazirawo akadali amoyo kapena ayi, pakuti anakhala osatenthedwa kuyambira m'mawa. Tsiku lotsatira alamu anatseka zenera la chipinda ndi thumba, anayatsa tochi n'kumaunika dzira limodzilimodzi, ine ndikulandira. M'mazira ena munali mdima wosasuntha, ndipo amenewo anawaika padera. M'mazira ena tinaona timitsempha tofiira ndi kanthu kakugwedezeka. Sanafune kuwerenga. Anati ena amafa mochedwa, tisalonjeze amayi chimene sitinachione. Sabata imeneyo sanakonze wailesi ya munthu aliyense. A Clotilda amati ankadya ataimirira.

Lamulungu lachitatu a Sebastiano analipo, koma mapemphero atatha sanalowe m'chipinda. Anakhala pa benchi lothyoka panja, manja ali pa mawondo. A Gideon ananyamula batire, a Evelesi anatsegula chitseko cha bokosi ndi mwambo wonse ngati wansembe akutsegula tabernakulo ya pa guwa, analumikiza, anadikira. Kafani katalira anatseka n'kutulutsa mutu pakhomo.

"Asuweni, kagaluko kandidziwa."

Alamu anangogwedeza mutu, koma ndinaona mapewa awo akutsika.

Lachitatu masana ndikusesa m'tchalitchi ndinamva kulira kwakung'ono kuseri kwa khoma. Ndinaganiza kuti ndi mbalame za padenga. Nditalowa m'kachipinda ndinapeza alamu atagwada, khutu lili pa kabati, maso ali otseka. Anandikodola kuti ndibwere. M'katimo munali tiii, tiii, mawu oposa amodzi. Nthawi imeneyi sanalole aliyense kutsegula, ngakhale iwo eni, ndipo palibe amene anatsutsa. Tinadikira Lachinayi lonse. Amayi ankabwera mosinthana, ena ndi ana kumbuyo, kudzangomvetsera pa thabwa n'kubwerera.

Alamu anatsegula bokosi Lachisanu m'mawa. Anapiye anali makumi awiri ndi asanu ndi anayi, ouma bwino, akuda, oyera, amawangamawanga, awiri opanda nthenga m'khosi. A Evelesi anati awiriwo afanana ndi mwini bokosi. A Gideon anawerenga kawiri, anakanda m'mutu, ndipo anati nkhani ya batire akaikambanso ku komiti, koma anafunsanso chapansipansi ngati bokosilo lingalandire mazira a abakha, poti akazi awo ali nawo khumi.

Tinagawana awiriawiri, ndipo asanu otsala tinapatsa a Clotilda chifukwa cha kupirira kwawo. Anga ndinawanyamula m'kabasiketi ka mlaza, ndikumva tizikhadabo tawo tikukanda pansi. Pamene ndinkatuluka, alamu anali atazimitsa kale bokosi. Anakhala pansi pakhomo pomwe pali kuwala, laputopu pamiyendo, magalasi ali pamphuno, akuwerenga timiyendo ta Kapitawo ndi nsonga ya kasikuludiraiva kuti apeze D6. A Evelesi anawaimirira kumbuyo, anapiye awo ali m'chitenje, akuwauza kuti awerenge bwino, chifukwa mazira a abakha amatenga milungu inayi.